Msasa wa Miyezi Itatu

Inu amene munakhalitsa pa benchi ya sukulu mpaka kabudula kubooka, tandiyankhani ichi. Pali nyumba ina imene amaimanga dzuwa likulowa n'kuisiya tambala asanatsike mumtengo. Ilibe chitseko, ilibe kiyi, ndipo mwini wake pochoka satembenuka n'komwe kuti aitsanzike. Ndi nyumba yanji imeneyo?

Mwati msasa? Mwakhoza, dziombereni m'manja. Nanga iyi: anaimanga dzuwa likulowa chimodzimodzi, koma kunja sikunache mpaka zaka makumi atatu ndi zinayi, ana anakuliramo mpaka ena kumera imvi. Musavutike kukanda m'mutu. Nayonso ndi msasa. Kafunseni Anamatenti.

Anamatenti anali mayi wosoka matenti a asilikali. Dzina lawo lenileni linatsala pa kabuku ka kuchipatala, palibe ankalikumbuka. Ankagwira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, ndi singano yaikulu ngati msomali, ulusi wopaka phula, ndi kachikopa kovala pachikhato kokankhira singanoyo. Zala zawo zinali zitauma moti ankatola khala la moto osanena kuti mayo.

Nkhondo ya kutsidya kwa malire itayamba, mabanja a asilikali anawatulutsa m'nyumba za njerwa za mumpanda kuti muzigona anyamata olembedwa kumene. Anawaimikira mizere inayi ya zipinda kuseri kwa mpanda, pafupi ndi dzala, khoma malata, denga malata. Bwana wina wa ndevu zopota anakwera pa mgolo n'kunena kuti, "Amayi, musadandaule. Uwu ndi msasa chabe. Miyezi itatu yokha."

Azimayi anamukhulupirira, poti anali atavala nyenyezi m'mapewa. Sanabzale ngakhale tomato, amvekere adzadya ndani. Anamatenti, amene nthawi imeneyo anali ndi pakati, anasiya mbale zawo zadothi m'katoni osamasula. Chaka chitatha anabzala tomato. Zitatha zisanu anamasula mbale zija, n'kukwirira njere ya mango pakhomo. Lero mtengowo anthu awiri saukumbatira n'kugwirana zala.

Amuna awo anali kopolo, munthu wamanyazi, wolankhula ngati mawu amagula. Anawatumiza kumsasa wa m'mbali mwa mtsinje, kutsidya kuja. Anabwerako kamodzi kokha, sabata imodzi ya tchuthi, ataonda ngati nsungwi. Za mfuti sanakambeko. Anakhala pakhomo n'kumayang'ana mkazi wawo akusoka tenti yong'ambika, kenaka anati, "Ukaona yang'ambika m'makona momwe mumalowa zingwe, usanyoze ulusi wako. Dziwa kuti munagona mlendo."

Anafotokoza kuti chingwe cha khonje chikanyowa chimafupika, nsalu nayonso imadzikoka. Mlendo akaona mitambo amathamangira kukamangitsa zingwe, kuopa kuti mphepo ingamutengere nyumba. Koma amene wagonako usiku umodzi wokha wa mvula amatuluka kukazimasula, chifukwa anadzukapo nyumba ili pamphuno.

"Kumsasa sitifunsana kuti unabwera liti," anatero. "Timangodikira mvula."

Atabwerera, sanabwerenso. Ndipo sanafe ndi chipolopolo ayi, kuti mwina n'kuimbidwa nyimbo. Anafa ndi m'mimba, atamwa madzi a mumtsinje muja, ali gone m'tenti imene mkazi wawo anasoka ndi manja awo. Chimene chinabwera ndi mendulo, jombo, chijasi ndi kawailesi. Zonsezi anatenga mkulu wawo wa malemuwo tsiku la maliro, kuti akasunge. Akusungabe.

Mkulu wawoyo anthu ankawatchula kuti a Mzinga, chifukwa akayamba kulankhula agalu a mzere wachinayi ankauwa. Usilikali anaulowadi, tisawanamizire. Koma yunifomu yawo inali jekete loyera, ndipo chida chawo chinali thireyi. Anali weta, woperekera tiyi m'nyumba yodyera mabwana. Adani amene anapha pa nkhondo yonse ija ndi ntchentche za pa shuga.

Koma mboni zikamafa, nkhondo ya munthu imakula ngati dzungu la padzala. Poyamba a Mzinga ankati anakaperekako makalata kutsidya. Patapita zaka khumi anali atagonako masabata asanu ndi limodzi kumtsinje kuja. Patapita makumi awiri, mng'ono wawo anafera m'manja mwawo. Pofika pano anali atawolotsa a Kanelo, mkulu wa asilikali, pamsana, ng'ona zikuchita sawatcha. Anamatenti akati atsutse, yankho linali limodzi: "Mlamu, iwe unali kuchipatala. Ukanaona bwanji?" Ndipo zinali zoona kuti uchembere wawo unavuta, anagona miyezi iwiri m'chipatala. Nkhondo yonse ya a Mzinga inakwana ndendende m'miyezi iwiri imeneyo, ngati phazi mu nsapato.

Anamatenti ankangozisiya. Bodza la munthu wokalamba ndi ndodo yake, ukamulanda agwa. Koma chaka chino bodza lija linafika pakhomo pawo n'kukhala pampando.

Akuluakulu anamanga nyumba khumi ndi ziwiri za njerwa pamtunda, za anthu a nkhondo ija. Lamulo linali lakuti banja lililonse nyumba imodzi. Ngati m'banjamo muli msilikali wamoyo amene anagona kumisasa ya kutsidya, nyumba ndi yake. Ngati mulibe, ndi ya mayi wamasiye. Ndipo mvula ikangotha, zipinda za malata zija azigumula zonse. Banja la malemu kopolo linagwera nyumba nambala naini. Anamatenti anapita kukasuzumira pawindo. Anaona mpopi m'kati, koma sanachedwe nawo. Chimene anaimirira n'kumayang'ana ndi chitseko chathabwa chokhala ndi kabowo ka kiyi. Chawo ankamanga ndi waya chiyambire.

Pa mndandanda wa pakhoma la ofesi, nambala naini inali ndi dzina la a Mzinga.

Woyang'anira nkhaniyi anali a Meja, mayi wamagalasi, wamsinkhu wa mwana wawo wa Anamatenti. Anamatenti atapita kukadandaula, a Meja anawapatsa mpando, anawamvetsera bwinobwino mpaka kumapeto, kenaka anatsegula kabati. Munali zikuto za mafailo, m'kati mwake dothi lokhalokha.

"Mwaona, amayi? Mapepala a nthawi imeneyo anadya chiswe. Chatsala n'chakuti bambowo analembedwadi usilikali. Kumene anagona, pepala silikunena."

"Ankagona pa mzere wachiwiri, chipinda chachitatu. Mkonono wawo tinkaumva tonse."

"Mboni muli nayo?"

"Mboni zanga zili kumanda, mayi. Mukafuna tipitire limodzi, koma sizilankhulitsa."

A Meja anamwetulira pang'ono, kenaka anabweza nkhope ya ntchito. "Ndakumvani. Koma inu mukufuna nyumbayo. Mawu a munthu wofuna nyumba sindingawalembe okha. Madala atatu aja amene anapitadi kunkhondo ndinawafunsa. Akuti iwo anali kumisasa ina, sangadziwe."

Anamatenti anawadziwa madalawo. Mmodzi anali wa mwendo umodzi, wina wosaona bwino, wina wogontha khutu la kumanzere. Onse atatu ankadalira a Mzinga kuwalembera makalata ndi kuwaperekeza m'maofesi, chifukwa munthu amene anaperekera tiyi mabwana amadziwa chitseko chogogoda. Ndani angalume dzanja lomugwirira cholembera?

Lamulungu masana a Mzinga anabwera ndi akazi awo kudzazonda mlamu wawo. Anakhala pansi pa mango paja, mendulo ya malemu ili ng'aning'ani pachifuwa. Akazi awo anakana mpando, anaimirira n'kumayang'ana mbale zadothi zija ngati akuziwerenga.

"Mlamu, usadere nkhawa," anatero a Mzinga. "Ife sititaya anthu. Kuseri kwa nyumbayo kuli kakhitchini."

"M'kakhitchinimo ndinanena kale kuti ndi mwa nkhuku," anatero akazi awo, osatembenuka.

"Chabwino, tiona. Nanga mwana wako uja sangakutenge?"

"Chipinda chimodzi, alamu, iye, mwamuna wake ndi ana anayi. Ine ndikagona pa alumali?"

A Mzinga anapukusa mutu ngati munthu wachisoni, n'kuyang'ana mizere ya malata adzimbiri ija. "Komatu mwakhalitsa. Msasa si pokhalitsa. Kodi ukudziwa n'komwe kumene mawu amenewa anachokera? Ayi, ungadziwe bwanji. Tinabwera nawo ndife kuchokera kutsidya. Kale kunalibe. Tsiku lina mvula ikugwa pa tenti, sa-sa-sa-sa, ine ndinauza a Kanelo kuti, 'Bwana, tamverani, nyumbayi ikudzitchula yokha dzina.' A Kanelo anandigwira chanza, m'mawa mwake analemba m'buku."

"Nanga bwana wa pa mgolo uja anawatenga kuti, alamu? Pajatu anawanena inu musanapite."

"Mawu abwino amathamanga, mlamu. Amafika mwini wake asanafike."

Anamatenti sanaseke. Anakumbuka bambo awo, amene anali ocheka matabwa ndipo ankatha milungu ali m'nkhalango. Kukamada ankadula nthambi zinayi, kuziyedzamitsa pa mtengo, kuponyapo mitolo iwiri ya udzu, basi kagone. Umenewo ndiwo ankati msasa. Alenje ankaudziwa, apaulendo ankaudziwa, olondera anyani m'minda ankaudziwa, mfuti isanalire m'dziko. Asilikali anangobwereka mawuwo monga amabwerekera zina zonse, osabweza. Bambo awo ankati msasa ukadontha suukonza, umangosuntha mutu, poti mawa uchoka. Akuluakulu a mumpanda anamvetsa mbali imeneyo yokha. Zaka makumi atatu ndi zinayi sanasinthe lata ngakhale limodzi. Anamatenti anali atasuntha bedi lawo ngodya zonse zinayi, tsopano linali pakati.

"Makiyi apereka Lachisanu likubwerali," anatero a Mzinga ponyamuka. "Andipempha kuti ndilankhule m'malo mwa anzanga a kunkhondo. Udzabwere, mlamu. Udzaphunzireko mbiri."

Lolemba m'mawa sajeni woyang'anira katundu analowa m'kachipinda kosokera muja akukanda m'mutu.

"Amayi, tili pamoto. Matenti atsopano onse apita ku ukwati wa mwana wa bwana wamkulu, abwerera mwezi wamawa ngati abwerere. Lachisanu lija alendo tiwakhazika pati? Mulibe chilichonse chakale chimene chingaime?"

Anamatenti anabaya singano pa nsalu n'kuyang'ana pakhomo. Kunja kunali dzuwa, koma inali nyengo ija imene m'mawa kumawala, ikamakwana thuu koloko kumwamba kumakwinya nkhope, tsiku ndi tsiku, osaphonya.

"Chilipo," anatero.

Anamutengera kungodya ya nyumba ya katundu, kumene kunali chimtolo chachikulu chofundidwa ndi fumbi. Inali tenti ya mizati iwiri, ya nsalu yokhuthala ngati chikopa cha mvuu, imodzi mwa zimene zinabwerako kutsidya. Ataifunyulula munatuluka makoswe atatu ndi fungo la zaka. Zigamba zake zonse ankazidziwa ngati zipsera za mwana wawo.

"Imeneyi iima?"

"Mundipatse masiku anayi. Zingwe zake zinaola, pafunika zatsopano."

Sajeni analoza mpukutu wa nayiloni wabuluu umene unali pakhomo. "Tengani umenewo."

Anamatenti anauyang'ana mpukutuwo. Nayiloni sadziwa mvula. Ungamunyowetse chaka chathunthu, amakhala momwemo ngati mtima wa bwana. Pamwamba pa alumali panali mpukutu wina wa khonje, wouma gwa, woti palibe anaukhudza chiyambire.

"Tenti yakale imafuna zingwe zake, mwana wanga," anatero. "Nditsitsireni uwo."

Masiku anayi anasoka osaweramuka. Sanabe ntchito ngakhale pamodzi. Makona onse anawabwereza kawiri, mabowo a zingwe anawakulunga ndi ulusi wa phula, chifukwa ngakhale unali msampha, inali ntchito ya manja awo, ndipo sankafuna kuti wina adzanene kuti yagwa chifukwa cha ulusi wa Anamatenti.

Lachisanu m'mawa asilikali achinyamata asanu ndi mmodzi anaiyala pabwalo la kutsogolo kwa nyumba zatsopano zija, n'kuimirira mozungulira ngati apeza nyama yakufa yosaidziwa. Iwo anazolowera za mapaipi zongolumikiza. Apo n'kuti a Mzinga akutulukira, chijasi cha malemu chili pathupi, jombo zikuwala, ndodo kukhwapa.

"Ana inu, chokani, chokani! Izi ndi zathu izi. Tinkaimika zimenezi mumdima, zipolopolo zikulira ngati udzudzu. Iwe, gwira mzati! Iwe, zikhomo!"

A Meja anali pomwepo ndi mapepala awo, ndipo a Mzinga anaonetsetsa kuti mawu aliwonse akuwafika. Tenti inaima, chifukwa anyamatawo anali ndi maso ndipo Anamatenti ankawalozera ndi chibwano mwini lamulo akayang'ana kumbali. Anaika mipando, tebulo la nsalu yoyera, chimkuzamawu, ndi thireyi ya makapu a mlendo wolemekezeka. Mwambo unayenera kuyamba teni koloko. Mlendo wolemekezeka anafika wani itadutsa, monga mwa ulemu wake.

Pofika nthawi imeneyo kumwamba kunali kutada ngati kunsi kwa mphika. Kamphepo kanayamba kugwedeza nsalu. A Mzinga anayang'ana mitambo, anayang'ana a Meja, n'kukuwa:

"Mvula iyo! Mangitsani zingwe! Kokani mpaka zilire!"

Anyamata anakoka. A Mzinga anazungulira tenti yonse akumenya chingwe chilichonse ndi ndodo, chimene sichinalire ngati gitala ankachikoketsanso.

Anamatenti anali ataima kunja, pakhonde la nyumba nambala naini, poti mpando wawo panalibe. Akanatha kungokhala chete. Koma anaganiza kuti msampha wabwino ndi umene nyama imauona ndi maso n'kulowamo yokha. Anatsika pakhonde, anafika pamene panali a Meja, n'kukweza mawu kuti ndi mlendo wolemekezeka yemwe amve.

"Alamu! Masulaniko zingwezo. Mvula ikagwa zifupika, tenti igwa."

Anthu anatembenuka. A Mzinga anaseka, n'kutenga chimkuzamawu.

"Mwamva, mabwana? Akuti timasule! Mphepo ikubwera, ife timasule! Mlamu, iwe ntchito yako ndi singano. Kusoka malaya sikudziwa kuvina. Ife amene tinagona m'zimenezi masabata asanu ndi limodzi, mvula ili pamutu usana ndi usiku, tisiyire. Anyamata, onjezerani!"

Anthu anaseka, akazi awo a Mzinga kuposa onse. Anali pa mzere woyamba wa mipando, atavala diresi yatsopano yachikasu yolandirira kiyi. Anamatenti anaweramitsa mutu ngati munthu wochititsidwa manyazi, n'kubwerera pakhonde paja.

Koma pa mzere wachiwiri panachitika kanthu. Mdala wa mwendo umodzi anatambasula ndodo yake n'kugogoda chingwe chimene chinali pafupi. Ananong'oneza wosaona bwino uja. Wosaona bwino anakuwira m'khutu la kumanja la wogontha. Atatu onse ananyamuka mwakachetechete, aliyense akukoka mpando wake, n'kukakhala pakhonde pamodzi ndi Anamatenti. Sanawayang'ane kumaso. A Meja anawaona, anatsitsa magalasi pamphuno, koma mwambo unali utayamba.

Mvula inayamba pemphero lili m'kati. Mlendo wolemekezeka analankhula, a Meja anawerenga malamulo, mvula ikukulirakulira. Ikamafika nthawi ya a Mzinga n'kuti madzi akuyenda pansi pa mipando, chifukwa ngalande yozungulira tenti palibe anaikumbuka, ndipo azimayi anali atakweza mapazi.

"Mabwana ndi madona," anayamba a Mzinga, ataima pafupi ndi mzati wakutsogolo, "lero tikutsanzikana ndi msasa. Koma ndani mwa inu akudziwa kumene mawu amenewa anachokera? Tamverani pamwambapa!" Anakweza ndodo n'kugogoda nsalu yonyowayo. "Sa-sa-sa-sa! Mwamva? Tsiku limenelo ine ndi a Kanelo..."

Nsalu ya tenti ikanyowa saikhudza m'kati. Pamene panagunda ndodo panayamba kudontha, dontho lililonse likugwera pa dazi lawo penipeni. Anasuntha. Anagogoda pena kuti aonetse kuti palibe vuto. Napo panayamba.

Anamatenti sankamvera zolankhulazo. Ankayang'ana zingwe. Zinali zitada ndi madzi, zitawongoka ngati mitsempha ya pakhosi pa munthu wokwiya. Nsalu inkalira m'makona. Anadzipeza akupempherera ulusi wawo kuti ugwire, ndipo unagwiradi. Chimene chinagonja ndi dothi.

Chikhomo choyamba chinazuka, phwa! n'kuuluka kukagwera pa galimoto ya mlendo wolemekezeka. Chachiwiri, phwa! Chachitatu ndi chachinayi pamodzi. Mbali yonse ya kumanzere inapepheluka ngati chovala cha pachingwe. Anthu a m'mphepete anathawa, mlendo wolemekezeka anamutulutsa ngati mkwatibwi, maambulera atatu pamutu. A Mzinga anakumbatira mzati akukuwa kuti, "Mangitsani! Mangitsani!" Mzati unawerama pang'onopang'ono, mwaulemu, ndipo chinsalu chonse chija, cholemera ndi madzi, chinakhala pansi, khu!

Panali zii, kupatula mvula. Pansi pa chinsalu pankayenda timapiri tiwiri.

A Meja anathamangira pakhonde paja atanyowa, envulopu ya makiyi ili m'manja. Anayang'ana madala atatu aja, amene anali ouma ngati mchere wa m'botolo.

"Agogo, munadziwa bwanji?"

Wa mwendo umodzi anayang'ana anzake, kenaka pansi. "Mwana wanga, chinsalu chimenechi chimakugwera kamodzi kokha pa moyo wako. Usiku woyamba wa mvula. Ukatero suiwala mpaka kumanda."

"Ndiye munthu amene anagonako masabata asanu ndi limodzi..."

"Ife sitinanene kanthu," anatero wosaona bwino. "Tangosuntha mipando."

Kaphiri koyamba kanafika m'mphepete. Anali akazi awo a Mzinga, akukwawa, nsapato imodzi palibe, diresi yachikasu ija itasanduka ya mtundu wa chithaphwi. Anaimirira, anadziyang'ana, n'kutembenukira kaphiri kotsalako.

"Ndinakuuzani ine! Ndinakuuzani kunyumba kuti mukangolankhula basi, za zingwe muwasiyire eni ake! Inu matenti munayamba liti? Munagonamo liti inu? Taonani diresi yanga!"

Anazindikira mochedwa kuti anthu onse ali m'makonde ndipo akumva. Anadzigwira pakamwa, koma mawu sabwerera m'kamwa ngati malovu.

A Meja anatsegula envulopu ija, anasanthula, n'kutulutsa kiyi wokhala ndi kapepala ka nambala naini. Anamatenti anapukuta dzanja lawo pa chovala. Analitambasula, dzanja lomwe lija lotola makala. Chitseko chinali kumbuyo kwawo, ankachimva ndi msana.

Kiyi uja analowa m'thumba la a Meja.

"Amayi, ndaona zimene ndaona. Bambowa salandira. Koma dzina lawo linasainidwa kale ku likulu, ndiye kuti lichoke n'kulowa lanu, komiti iyenera kukhalanso pansi. Chipinda chanu ndiwauza asagumule, chitsale chokha. Musadandaule." Anawagwira paphewa mwachikondi ndithu. "Miyezi itatu yokha."

Anamatenti anayang'ana nyenyezi za paphewa la a Meja. Zinali zowala ngati za bwana wa pa mgolo uja. Anabweza dzanja lawo, n'kulipinda pamimba pamodzi ndi linzake. Anaganiza za njere ya mango imene anadya dzulo, kuti kaya anaitaya pati.

"Zikomo, mayi," anatero. "Ndazolowera."

Nthawi yomweyo m'mphepete mwa chinsalu munatukuka. Choyamba kutuluka silinali dazi, silinali jombo. Inali thireyi. Inatuluka ili chilili pa nsonga za zala zisanu, makapu anayi, kambale ka shuga ndi tipoti zili m'malo mwake, ngakhale supuni imodzi osagwa. Pambuyo pake panatuluka mkono, kansalu koyera ka patebulo kali pamkonopo, ndipo pomaliza a Mzinga eni ake, akuyenda ndi maondo m'matope. Pamene nyumba inkagwa, munthu wa nkhondo uja sanagwire mkazi wake, sanagwire mendulo, imene inali itatsala m'matope. Dzanja linakumbuka ntchito yake lokha.

Anaimirira, msana uli nga, thireyi ili pamwamba pa phewa, madzi akuyenderera m'chijasi cha mng'ono wawo. Anthu anayang'ana, osakhulupirira.

Mdala wogontha uja, amene sankadziwa kukula kwa mawu ake, anaomba m'manja kawiri.

"Weta! Tiyi kuno, shuga awiri!"

"Bwana!" anayankha a Mzinga, zidendene zikugundana.

Makonde onse khumi ndi awiri anaphulika. Anyamata a zingwe aja anagwirana kuti asagwe, sajeni wa katundu anakhala pansi m'madzi, a Meja anabisa nkhope mu envulopu. Madala atatu aja ankaseka mpaka kutsokomola. Anamatenti nawo anaseka, atatsamira chitseko chokhoma cha nambala naini, anaseka mpaka misozi, ndipo poti kunali mvula palibe anafunsa kuti ndi misozi yanji. A Mzinga anatembenukira uku, anatembenukira uko, kufuna poika thireyi ija, koma tebulo linali pansi pa chinsalu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wofuna kuwalandira.